Manja a Apongozi ndi Kabokosi ka Diso Lofiira

Ine shikola ndinalekera kalasi yachitatu, tsiku limene aphunzitsi anandigwira ndikusinthanitsa choko chawo ndi mbewa zowotcha. Ndiye amene akufuna nkhani ya anthu ophunzira adutse, njira ili apo. Yanga ndi ya ndowa, mpopi, ndi apongozi anga. Mulungu awasunge kumene aliko, ndipo awasunge molimba, chifukwa akamva kuti ndalemba izi adzuka.

Pothawa nkhondo tinawolokera ku Zambia tili anayi. Pobwerera tinali atatu: ine, mwana wanga wamkazi, ndi apongozi, mayi ake a mkazi wanga. Mkazi wangayo anatsala komweko, m'manda a alendo, pansi pa mitengo ya misuku. Lole yotibweza kwathu, imene timati kamiyawu, inatitsitsa ku Fingoe dzuwa lili pamutu, aliyense ndi thumba la ufa, khasu ndi lona. Tinapeza mitengo itamera m'nyumba zathu, ina yonenepa ngati ntchafu. Anatiuza kuti tiziponda pamene mnzathu waponda kale, chifukwa pansi panali mabomba amene sanamve kuti nkhondo yatha.

Chipatala chathu chaching'ono, chimene timangoti posito, chinalibe denga. Asilikali anagonamo zaka zambiri, a mbali iyi ndi a mbali inayo, ndipo m'chipinda chakumapeto khoma linali ndi mathotho akuda amene palibe anafuna kufunsa chiyambi chake. Tinapaka njereza katatu, koma mvula ikagwa mathothowo ankatulukiranso. Chipinda chimenecho ndicho anasankha kuti azimayi aziberekeramo, poti ndicho chinali ndi chitseko.

Ine ndinayamba ndi kuponda dothi la njerwa, ndipo kumanga kutatha anandisiya pompo ngati serevente. Dzina lokoma m'kamwa, koma ntchito yake kusesa, kutentha nsanza zamagazi, ndi kutunga madzi. Mjigo unali utafa kalekale. Madzi ndinkakatunga kumtsinje, kutsika chitunda ndi kukweranso, zigubu ziwiri zitalendewera pamtengo paphewa. M'chilimwe ndinkayamba ndafukula mchenga, n'kudikira kuti madzi aganize.

Pa positopo tinalipo atatu. Wamkulu anali namwino wachinyamata wochokera ku Tete, amene tinkamuti adotolo ngakhale sanali dotolo. Ankalankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo maso ake ankakhala kumsewu, kudikira kalata yomusamutsa. Wachiwiri anali apongozi, azamba a dera lonselo. Wachitatu ine ndi tsache langa.

Apongozi anali aafupi, koma manja awo anali akuluakulu ngati a mwamuna woumba njerwa. Anayamba kubereketsa ine ndisanamere ndevu. Pothawa paja anabereketsa mkazi wina kuphanga, mfuti zikulira m'munsi, atamutseka pakamwa ndi kapulana, chitenje cha kwathu kuno, kuti asatiululitse. Kukampu anawaphunzitsa masabata angapo n'kuwapatsa pepala ndi chikwama cha zida, koma iwo ankati anapita kukaphunzitsa aphunzitsiwo. Ndipo popeza akuluakulu ambiri sanabwerere, analinso iwo amene ankasambitsa mitembo ya azimayi. Ankati amene wamulandira munthu ndiye amamuperekezanso. Anthu ankawaopa ndi kuwakonda. Ine ndinkangowaopa.

Mukudziwa za kwathu. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sawalankhula mwachindunji, ndipo akakumana panjira amapatukira m'udzu. M'masiku amenewo ulemu umenewu unali wa amuna olimba mtima, chifukwa m'udzumo ndimo munali mabomba. Ine ndinapatuka kambirimbiri ndikupemphera, ndipo apongozi ankadutsa pang'onopang'ono dala. Pantchito tinkalankhulana kudzera mwa aliyense amene ali pafupi. Akafuna madzi ankauza wodwala kuti andiuze, wodwalayo ali ndi malungo ake. Pakasowa munthu ankauza nkhuku. Kale mkazi wanga ndiye anali mlatho wathu, koma mlathowo unatsala kutsidya.

Patapita mvula zingapo kunabwera munthu wa mota, ndiye kuti njinga yamoto, wa bungwe lina mwa mabungwe amene ankathandiza kumanganso. Anali waulemu, wa nsapato zoyera fumbi lonselo. Anabweretsa ndowa yaikulu yabuluu yokhala ndi mpopi, mitanda ya sabawu, amene kutsidya tinkati sopo, ndi kabokosi kotuwa kokula ngati mtanda wa sabawu womwewo. Ndowa anaiika pakhonde, pakhomo pa chipinda cha azimayi chija. Kabokosiko anakamangirira pampopi n'kuikamo mapilya ngati a wailesi. Munthu akapotokola mpopi kankalira kuti tii, ndipo kadiso kofiira kankaphethira kamodzi. Nambala inali m'kati, kuseri kwa kachitseko, ndipo kiyi anali ndi iye. Anati azibwera mwezi ukatha kudzawerenga, kuti adziwe ngati ife antchito tikusamba m'manja tisanagwire wodwala ndi tikamaliza.

Anabwereza katatu kuti kabokosiko sikalemba mayina, kamangowerenga. Iye sankadziwa kuti mawu amenewo tinawamvapo. Nkhondo isanatipirikitse kunkabwera anthu ndi mabuku, n'kumati tikungowerenga, ndipo amene anawerengedwa bwinobwino ena mpaka lero tikuwadikira. Azimayi apakati amene anakhala pakhonde tsikulo anakokera makapulana kumaso. Mota itachoka, kabokosiko kanatsala katatiyang'ana. Ndine ndinakapatsa dzina loti Kapitawo, chifukwa sikankagwira ntchito, kankangopenya ogwira ntchito.

Apongozi anauza nkhuku kuti indiuze kuti iwo sasamba pamaso pa chinthu chimene sichidya. Anapitiriza monga kale. M'mawa ndinkathira madzi m'beseni, iwo n'kusamba poyamba monga wamkulu, kenako adotolo akafuna, kenako ine, monga timachitira pachakudya. Madzi omwewo ankatha tsiku lonse, ndipo madzulo ndinkathirira nawo mpiru. Ndinene zoona, beseni ndinkalikonda. Mpopi umataya madzi pansi, ndipo dontho lililonse logwa pansipo linali litakwera chitunda paphewa panga.

Mwezi woyamba wa mota anatsegula kachitseko, n'kuyang'ana nambala, n'kuyang'ananso ngati waona njoka. Anauza adotolo kuti posito imene sisamba m'manja siyenera kulandira malata a chisakasa cha azimayi odikira, ndipo malatawo apita ku Malowera kapena ku Chipera. Atachoka, adotolo anandiitanira kuseri. Sanandiuze chochita. Anangoti mwezi wamawa Kapitawo akhale wokondwa, ndipo momwe akondwere ndi nkhani ya serevente.

Masiku awiri ndinadzaza ndowa ndi mtima wonse, mapewa n'kutupa. Tsiku lachitatu madzi anatha masana, ndipo posesa ndinagunda mpopi ndi chigongono. Tii. Kadiso kanaphethira. Ndinasuzumira m'ndowa, munali kangaude yekha. Ndinapotokolanso. Tii. Abale, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kapitawo wamkulu uja, woopedwa ndi mudzi wonse, sankadziwa kusiyanitsa madzi ndi mphepo.

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza kusesa ndinkakhala pampando pambali pa ndowa youmayo n'kumamudyetsa. Ndinkapotokola motsatira nyimbo za kutchalitchi, kuti zala zisatope. Nyimbo ya Lamulungu lapitalo inkakwana m'mawa, masana ndinkawonjezera ya ukwati. Adotolo akamadutsa ankayang'ana kudenga ngati akufufuza pothonya. Mwezi wotsatira wa mota anatigwira chanza tonse, mpaka ine, ndipo malata anabwera. Anauza a maposito ena kuti akaphunzire ku Fingoe. Ndinayenda pamsika chifuwa chili patsogolo. Ndinkati ndapusitsa makina a azungu ndi kalasi yachitatu yokha.

Woyamba anali mkazi wa wokonza njinga, wa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, ndipo mawa lake anayenda yekha kupita kwawo akuseka. Tsiku lachitatu thupi linatentha. Mimba inatupa ngati sanabereke, ndipo azimayi amene ankalowa m'nyumbamo ankatuluka atagwira pamphuno. Sabata isanathe tinakumba. Apongozi anasambitsa mtembo. Pochoka kumanda tonse tinasamba m'manja m'beseni limodzi la masamba a mankhwala, monga mwa mwambo, kuti imfa isatitsatire kunyumba. Iwo anasamba poyamba, n'kupukuta pakapulana, n'kubwerera kuposito kumene kunali wina akuwadikira.

Wodikirayo anali mtsikana wa kumigodi, mmodzi mwa anthu obwera amene ankakumba golide m'mapiri. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, ndipo ankathokoza pa chilichonse, ngakhale pa tsache likamudutsa kumapazi. Nayenso anachira bwino. Nayenso tsiku lachitatu. Analibe mayi kapena azakhali kuno, ndiye apongozi, mwa chifundo chawo, anakwera phiri kukamusambitsa, ngakhale kuti mapemphero a anthuwo sanali athu.

Apa mudzi unayamba kunong'ona. Ena ankati ndi mathotho aja, eni ake akufuna anzawo. Ena ankati ndi obwerawo, akugula golide ndi magazi a azimayi. Ambiri ankati ndi Kapitawo, akaphethira ndiye kuti wasankha. Amuna ankadutsa pa positopo osapereka moni, ndipo tsiku lina ndinapeza mwala waukulu utaikidwa bwinobwino pansi pa ndowa, ngati wina amayeza kaye. Palibe anatchula manja a apongozi. Ndani akanayamba? Theka la anthu onong'onawo anagwera m'manja omwewo pobadwa.

Wa mota anabwera mwezi usanathe, atamva za maliro awiriwo. Anakhala pakhonde ndi adotolo, ndipo ine ndinasesa malo amodzi omwewo mpaka kukumba dzenje, chifukwa Chipwitikizi changa chimamva bwino ndikakhala pafupi. Anati nthenda imeneyi amaidziwa. Anati imayenda pamanja, kuchoka kwa mayi wodwala kapena kwa mtembo, n'kulowa mwa mayi amene wangochira kumene, pamene njira ili yotseguka. Anati nambala ikanakhala yochepa sakanafufuzanso kwina, akanatiimitsa tonse pampopi tsiku lomwelo. Kenako anatsegula kachitseko, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti ayi, kuno ku Fingoe anthu akusamba kuposa kwina kulikonse, ndiye vuto liyenera kukhala m'nyumba za azimayiwo kapena m'madzi a mumtsinje. Analemba zimenezo m'buku lake. Anasisita Kapitawo pamutu ngati galu wabwino, n'kukwera mota.

Fumbi lisanagwe pansi, ine ndi adotolo tinayang'anizana. Iwo analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala ndi tsache, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga nthabwala inandithawa.

Mwana wanga anali ndi pakati pa mwezi wotsiriza. Mwamuna wake anali kumigodi, ankabwera mwa apo ndi apo ndi maso ofiira ndi malonjezo. Mwanayo ndiye yekha amene anatsala wa ine ndi malemu mayi ake. Ankayenda atagwira m'chiuno, n'kumandinena kuti ndakalamba, ndikhala agogo ndisanaphunzire kukhala bambo.

Ndinayesa njira zonse zimene munthu wamantha amayesa. Ndinayamba kudzaza ndowa tsiku lililonse, maulendo anayi, ndipo nyimbo ndinasiya. Adotolo anayamba kusamba mwakachetechete, koma apongozi ankadutsa ndowayo ngati akudutsa chulu, n'kupita kubeseni kwawo. Ndinabisa beseni, iwo anabwera ndi lawo kuchokera kunyumba. Ndinapempha adotolo kuti awalankhule. Anati iwo ndi mlendo kuno, akangokhudza ulemu wa mayi ameneyo azimayi onse asiya kubwera, akaberekera m'nyumba, ndipo adzafa ambiri kuposa apa. Anawonjezera kuti ndi apongozi anga, si awo. Ndinayesa kutuma mwana wangayo, mozungulira, poti bambo salankhula za mimba ndi mwana wake. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti agogo ake amutemberere masiku ano omwe. Ndinaganiza zomukweza kamiyawu kupita ku Tete, koma kamiyawu inkabwera ikafuna, ndipo msewu wake ukanamubereketsa pa mlatho woyamba.

Wachitatu anali mchemwali wa akatekisiti, mayi wa ana anayi, amene kubereka ankati n'chimodzimodzi kukathyola ndiwo. Anachira Lolemba, tinamuika Lolemba linalo. Usiku wonse azimayi anagona kusiwa, m'mawa apongozi anasambitsa mtembo, ndipo ife amuna tinapita kukakumba. Nthaka inali youma, dzuwa la mwezi umene mango amayamba kupsa. Tikukwirira, mayi wina woyandikana nafe nyumba anabwera n'kuima patali. Sanalankhule ndi ine. Anapita kwa apongozi n'kuwanong'oneza. Apongozi anadzuka, anapita pabeseni la masamba, anaviika manja kawiri, anapukuta pakapulana imene anavala posambitsa muja, n'kuyamba ulendo wa kuposito.

Ndinadziwa kuti nthawi ya mwana wanga yakwana, ndipo ndinasiya khasu m'manda. Amuna anandiitana, sindinacheuke. Njira yaikulu inali ndi apongozi, ndipo kuwapitirira sikukanatheka, ndiye ndinadutsa chidule cha m'udzu, kumene kunali miyala yopakidwa utoto wofiira, kumene ngakhale mbuzi tinkaziletsa. Sindikunena kuti ndinali wolimba mtima. Ndinathamanga ndi zala zakumapazi zokha, ngati zimenezo zikanathandiza.

Ndinafika poyamba. Ndowa inali yodzaza, ndinali nditatunga m'bandakucha. Sabawu anali pamwala. M'chipinda cha mathotho ndinamva mawu a mwana wanga, otsika, ngati a ng'ombe yomangidwa. Pakhonde panali azimayi asanu kapena asanu ndi mmodzi amene anamuperekeza, ndipo anandiyang'ana modabwa, chifukwa mwamuna saima pakhomo limenelo, makamaka bambo. Adotolo anasuzumira pawindo la chipinda chawo n'kubwezanso mutu. Kenako ndinamva mapazi aja amene ndinawathawa zaka makumi awiri.

Akuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Amene ananena zimenezo sanakumane ndi apongozi anga. Ndinagwada pakati penipeni pa khomo, msana kwa iwo, nkhope kwa kabokosi, ndipo ndinaomba m'manja monga timachitira pamaso pa akulu. Panalibe nkhuku pafupi, ndipo azimayiwo palibe akanavomera kunyamula mawu amene ndinali nawo.

"A Kapitawo," ndinatero, "ndabwera kudzaulula. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukudyetsani mphepo. Ndowa inali youma, zimene munawerenga n'zabodza, ndipo wabodzayo ndine. Lero madzi alimo, sabawu ali apo. Ndikupemphani muwauze amayi asambe asanalowe."

Mawu a apongozi anachokera kumbuyo kwanga, osakwera konse.

"A Kapitawo, afunseni akamwini ngati kachasu wa pamaliro amuyamba mtembo usanakwiriridwe."

"A Kapitawo, auzeni kuti sindinalawe."

"Ndiye auzeni kuti ndasamba kale, ndi mankhwala, mudzi wonse ukuona. Manja awa analandira mwana amene akubuula m'katimo, iwo ali kumowa. Manja awa anatseka maso a mkazi wawo kutsidya, iwo akulira ngati mbuzi yosochera. Lero asanduka manja auve? Achoke pakhomo, wosesa iwo."

M'katimo mwana wanga anaitana agogo ake. Ndinamva mapazi akusendera pafupi.

"A Kapitawo," ndinatero, "mkazi wa wokonza njinga analowa muno wamoyo. Mtsikana wa kumigodi analowa wamoyo. Amene tamusiya kumandayu analowa wamoyo. Wa mota anati nthenda imeneyi imayenda pamanja, kuchoka kwa wakufa kupita kwa wochira. Ndinamva ndi makutu anga, n'kukhala chete. Mwana ndili naye mmodzi."

Ndinaona mthunzi wa apongozi ukukwera pakhoma, ndipo ndinadziwa kuti andilumpha ngati chipika. Apo ndinachita chimene sichichitika. Ndinatembenuka, ndili chogwada, n'kuwayang'ana kumaso.

Azimayi aja anabisa nkhope. Ine ndinaona munthu amene sindinkamudziwa. Zaka zonsezo ndinkadziwa zidendene zawo ndi mawu awo basi. Anali nkhalamba. Diso lakumanzere linali ndi ng'ala, ndipo pakamwa pake panali pa mkazi wanga ndendende.

"Amayi," ndinatero, "sambani."

Ndinayembekezera malovu, kapena mawu aja amene munthu akakuuza suphukanso. Iwo sanandiyang'ane nthawi yaitali. Anayang'ana manja awo. Anawatembenuza, kuona kumbuyo, kuona m'zikhato, kuwayandikitsa ku diso labwinolo. Milomo inkagwedera ngati akuwerenga, ndipo ndikhulupirira ankawerenga zomwe ndinawerenga ine. Mwana anabuulanso.

"A Kapitawo," anatero potsiriza, "auzeni apotokole chinthu chawocho."

Ndinapotokola. Tii. Kadiso kanaphethira, ndipo madzi anatuluka. Anasamba mpaka m'zigongono. Anathyola kaudzu patsache langa n'kumachotsa za m'zikhadabo, chala chimodzichimodzi, osafulumira, mwana akuitana. Madzi amene ankagwa pansi anali otuwa, ndipo aliyense pakhondepo anawaona. Anapakanso sabawu kachiwiri. Anamasula kapulana ya kumaliro ija n'kuiponya pansi, mayi wina n'kuwapatsa yake. Manja sanapukute, anawanyamula m'mwamba akudontha. Podutsa anauza kabokosiko kuti kandiuze kuti kuno si kwa amuna, ndipo ndikatenthe nsaluyo.

Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, wamkazi. Azimayi analulutira, koma mwachidule, ngati akuopa kudzutsa wina. Ine sindinasangalale. Atatu aja nawonso anawalulutira.

Masiku otsatirawo ndi amene sindikonda kuwakumbukira. Mwana wanga anali m'chikuta, kumene bambo salowa. M'mawa uliwonse ndinkaima kuseri kwa nkhokwe, kudikira mayi woyandikana nafe uja kuti atuluke, ndipo ndinkamufunsa ngati wamugwira pamphumi. Tsiku loyamba anati ndi wozizira. Tsiku lachiwiri anati wadya phala. Tsiku lachitatu anachedwa kutuluka. Ndinaima pamenepo mpaka mthunzi wa nkhokwe unandithawa, ndikumvetsera ngati m'nyumbamo muyambe kulira kuja kumene timakudziwa. Potuluka anati mutu ukumupweteka pang'ono ndipo mabere atupa. Ndinapita kumtsinje n'kutunga maulendo asanu ndi limodzi, madzi amene palibe anawapempha. Tsiku lachinayi anati mutu wasiya. Tsiku lachisanu ndinamva mwana wanga m'katimo akukalipira mwamuna wake amene anali atangofika kumene ndi malonjezo atsopano, ndipo ndinadziwa kuti munthu wokalipa choncho sakupita kulikonse. Mchombo utagwa anatuluka, wowonda, akuphethira padzuwa, n'kundifunsa kuti n'zoona kodi zimene akumva, kuti ndinayang'ana agogo kumaso n'kukhalabe ndi moyo.

Akulu anandigamula nkhuku yopepesera. Ndinapereka tambala wanga wabwino. Apongozi anamudya yense, koma sanakhululuke. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kufa kwawo sananditumizirenso mawu, kudzera mwa munthu, mwa nkhuku, ngakhale mwa Kapitawo. Akafuna madzi ankangogogoda ndowa. Anapitiriza kubereketsa, ndipo nthawi iliyonse ankaima pampopi atafulatira kadisoko, n'kusamba mpaka m'zigongono. Ntchito yosambitsa mitembo anaipereka kwa mayi wina, osanena chifukwa, ndipo palibe anafunsa. Mwala uja pansi pa ndowa tsiku lina unangosowa.

Mwezi utatha wa mota anabwera, anatsegula kachitseko, ndipo nkhope inagwa. Nambala inali itatsika kwambiri, chifukwa anthu atatu osamba zenizeni sangafanane ndi munthu mmodzi woimba nyimbo. Anati tabwerera m'mbuyo, tazolowera kuyamikiridwa, ndipo serevente ayenera kuti wayamba ulesi wotunga madzi. Ndinali nditaima pomwepo, nsanza zili pamapewa pamene khungu linasupuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zonse. Adotolo anandiponda chala, ndipo ndinatseka. Analemba m'buku lake kuti Fingoe yafooka. Patapita nthawi mapilya anatha, wa mota anasiya kubwera, ndipo Kapitawo anatsala pampopi ndi diso lakufa mpaka dzimbiri linamudya.

Wokonza njinga uja ataona mapewa anga anandiitana pansi pa mango wake. Anandilumikizira njinga kuchokera ku zidutswa za njinga zitatu zakufa, yolimba kumbuyo, yonyamula zigubu zinayi. Anakana kulandira kanthu. Anati munthu amene amatungira madzi azimayi athu ndi m'bale wake. Mwana wake wamasiye uja anali pamphasa pambali pake, akuyamwa chala. Ndinalandira njingayo ndi manja awiri, n'kuthokoza, ndipo ndinayenda nayo zaka zambiri.

Wokonza njingayo akadali moyo, pansi pa mango yemweyo, maso atachita mdima. Amandiitanabe kuti achimwene. Ndamuseketsa ndi nkhani zambiri, ya choko, ya nkhuku yonyamula mauthenga, ya tsiku limene ndinathamanga pamabomba ndi zala zakumapazi. Ya ndowa youma sanaimve. Kuwerenga satha, koma mwana uja anakula, ndi mphunzitsi tsopano, ndipo amawerengera bambo ake chilichonse chimene chafika pamsika. Izi ndalembazi nazonso zifika. Ine masiku ano sindichoka pakhomo. Mpando wachiwiri ndauika kale pakhonde.